Ntchito yozindikira mitundu ya mphesa zotchezera brandy: zimene masamba ndi DNA zinatiuza kuno ku Mzuzu

Mlimi wa ku Mzuzu kapena madera ozungulira amene ali ndi mipesa yomwe dzina lake anangolimva pakamwa pa wogulitsa, ndipo ali ndi maganizo odzakulitsa munda, sangataye ndalama pachabe atalipira ntchito yozindikira mitundu ya mphesa, ngakhale kuti ntchitoyi si yotsika mtengo ndipo ili ndi mbali zina zimene sizinandikhutiritse. Kalabu yathu ya alimi a zipatso, yomwe minda yake yambiri ili m'mbali mwa msewu wopita ku Ekwendeni, inaitana alangizi ena oima paokha amene amagwira ntchitoyi m'magawo awiri. Gawo loyamba ndi lobwera kumunda kudzaona maonekedwe a mpesa, kuyambira kunsonga yanthete mpaka kuphava la zipatso. Gawo lachiwiri ndi lotenga masamba n'kuwatumiza ku labotale ya kunja kwa dziko kuti akayezedwe DNA, yomwe ndi chidindo cha mtundu chimene chamoyo chilichonse chimatengera kwa makolo ake. Ife tinalipira magawo onse awiri, chifukwa cholinga cha kalabu n'chakuti tsiku lina idzapemphe chilolezo cha boma chotchezera mowa wa mphesa wotchedwa brandy, ndipo sitinafune kudzaza maekala ndi mbewu imene sitikuidziwa.

Amene sanaganizirepo za nkhaniyi angafunse kuti dzina la mpesa lili ndi ntchito yanji ngati mphesazo zikatheratu m'mphika wotchezera. Yankho lili m'mene mowa umenewu umapangidwira kumene unakhazikika. Ku Cognac, kumadzulo kwa France, pafupifupi minda yonse ili ndi mtundu umodzi wotchedwa Ugni Blanc, ndipo unasankhidwa chifukwa mphesa zake n'zowawasa, shuga wake n'ngochepa, ndipo vinyo wake amakhala wopanda mphamvu kwambiri. Vinyo wokatcheza sathiridwa mankhwala a sulfa omuteteza, popeza fungo la mankhwalawo limawonjezeka likadutsa pamoto, choncho chimene chimamusunga kuti asaonongeke akudikira mphika ndi kuwawasa kwake komweko. Amamutcheza kawiri m'miphika yamkuwa, kenako mowawo umagona m'migolo ya mtengo wa oki zaka zosachepera ziwiri. Ku South Africa, kumene ambiri a ife tinapezako mbewu kudzera mwa abale obwera kuchokera ku Joni, brandy amadalira kwambiri mitundu ya Colombard ndi Chenin Blanc pa chifukwa chomwecho cha kuwawasa. Mphesa yotsekemera bwino mkamwa, imene ana amaithamangira, kawirikawiri si imene wotcheza amaifuna, ndipo mlimi amene wasokoneza mitundu amazindikira zimenezi patapita zaka zitatu kapena zinayi, mipesa itayamba kubereka ndipo ndalama za mitengo, waya ndi manyowa zitapita kale.

Vuto lina n'lakuti mpesa umodzi umatha kukhala ndi mayina ambiri, monga momwe chinangwa chimodzimodzi ena amachitchulira kuti Manyokola pomwe ena amati Mbundumali. Ugni Blanc ya ku France ndiyo Trebbiano Toscano ya ku Italy. Muscat of Alexandria ku South Africa imatchedwa Hanepoot, pomwe ku Sicily imatchedwa Zibibbo. Mpesa umene anthu a ku Spain anapita nawo ku America, womwe dzina lake lenileni ndi Listán Prieto, ku California umatchedwa Mission, ku Chile País, ku Argentina Criolla Chica, ndipo ku Peru Negra Criolla. Zimachitikanso mosemphana, kuti dzina limodzi limapatsidwa kwa mipesa iwiri yosiyana. Ngati chisokonezo chotere chimachitika m'maiko amene akhala akulima mphesa kwa zaka mazanamazana, n'zosadabwitsa kuti timitengo todula timene tadutsa m'manja ambiri tisanafike ku Mzuzu tafika ndi mayina olakwika. Ife tinali ndi magulu anayi a mipesa: loyamba linagulidwa ku nazale ina pa dzina la Colombard, lachiwiri linabwera monga Hanepoot, lachitatu tinkangoliti mphesa yakuda ya brandy chifukwa n'zimene wogulitsa ananena, ndipo lachinayi linali la mipesa yochepa yobiriwira bwino kwambiri koma imene inali isanaberekepo.

Gawo la kumunda ndi limene linandigwira mtima koposa, ndipo ndikuona kuti pa ilo lokha ndalama zathu zinabwerera. Alangiziwo, amayi aakulu ndithu, anakana kubwera m'nyengo yozizira mipesa itayoyola masamba, ndipo anasankha nthawi imene mphukira zatalika ndipo maluwa ayamba kusanduka tizipatso, chifukwa m'pamene tsamba lokhwima limaonetsa maonekedwe ake enieni. Anabwera ndi galasi lokulitsira zinthu, rula, kamera ndi mapepala olembapo zizindikiro motsatira ndondomeko ya bungwe la OIV, lomwe limayang'anira nkhani za mphesa ndi vinyo padziko lonse ndipo linayamba m'chaka cha 1924. Sanathyole tsamba lililonse limene linali pafupi, koma ankasankha la pakati pa mphukira, pamwamba pa phava, chifukwa masamba a kutsinde ndi a kunsonga amasokoneza. Pa tsamba lililonse ankayang'ana kuchuluka kwa zigawo zake, kukula kwa mano a m'mphepete, mtundu wa mitsempha, ubweya wa kunsi kwake, ndiponso kampata kamene kali pamene phesi limalumikizana ndi tsamba, ngati n'kotseguka, n'kopapatiza kapena mbali zake n'zopingasana. Luso limeneli ndi lakale, ndipo amene analiika m'ndondomeko yodziwika bwino m'zaka za m'ma 1900 ndi Pierre Galet wa ku Montpellier ku France.

Atafika pa mphesa yakuda ija sanachedwe. Anatembenuza tsamba n'kutionetsa kunsi kwake, komwe kunali ubweya wothinana wotuwa moti mitsempha ing'onoing'ono sinkaoneka, kenako anagwira mphukira n'kutiuza kuti tiwerenge tizingwe timene mpesa umakolera pawaya. “Abambo, tayendetsani chala pamfundo iliyonse, mundiuze pamene pasowa kachingwe,” anatero kwa wapampando wathu. Wapampandoyo anayenda mfundo zingapo motsatizana osapeza pojomba. Amayiwo anafotokoza kuti mpesa wa ku Ulaya, wotchedwa Vitis vinifera, umatulutsa tizingwe pamfundo ziwiri n'kudumpha yachitatu, pomwe tizingwe totsatizana ndi chizindikiro cha magazi a Vitis labrusca ya ku America. Titawauza kuti zipatso zake zikapsa khungu limasupuka lokha ukangofinya, mkati n'kutuluka ngati kampira koterera konunkhira kwambiri, anati mpesawo ndi Isabella ndipo panalibe chifukwa cholipirira DNA pa gulu limenelo. Ndinayamikira kwambiri kukhulupirika kumeneku, chifukwa akanafuna akanatenga ndalama ya sampulo ina ife osadziwa kanthu.

Isabella si mpesa wonyozeka, ndipo apa ndikufuna kuuikira kumbuyo. Umapirira mvula ndi matenda a chuku kuposa mitundu ya ku Ulaya, n'chifukwa chake wafala m'maiko otentha ndi achinyontho monga Brazil, ndipo n'chifukwa chakenso m'minda yathu ndi umene umabereka chaka ndi chaka popanda kupopera kwambiri. Komabe, aliyense woganiza za malonda ayenera kudziwa kuti France inauletsa pakupanga vinyo m'ma 1930 pamodzi ndi mitundu ya Noah, Othello, Jacquez, Clinton ndi Herbemont, ndipo fungo lake lamphamvu limadutsa pamoto n'kukalowa m'mowa, moti chotulukacho sichingafanane ndi brandy amene ogula anazolowera. Magazi a ku America paokha si mlandu pakutcheza, chifukwa ku Armagnac, dera lina la brandy ku France, amagwiritsabe ntchito mphesa ya Baco 22A, imene François Baco anaipanga mu 1898 pokwatitsa Folle Blanche ndi Noah, koma Baco ndi Isabella ndi mbewu ziwiri zosiyana ndipo wogulitsa sayenera kubisa imodzi kuseri kwa mbiri ya inzake.

Gulu lachinayi linatidabwitsa tonse. Masamba ake anali aang'ono, onyezimira, opanda ubweya, otambalala m'mbali ngati impso, ndipo kampata ka paphesi kanali kotseguka kwambiri. Amayiwo anafukula pang'ono patsinde n'kutionetsa chipsera cha pamene panamezanitsidwa, ndipo zinaoneka kuti mbali yapamwamba, yomwe ndiyo inayenera kubereka, inafa kalekale, ndipo zimene takhala tikuthirira ndi kudulira ndi mphukira za tsinde lapansi. Kuyambira pamene kachilombo kotchedwa phylloxera kanaononga minda ya ku Ulaya kuchokera m'ma 1860, mipesa yambiri padziko lapansi imamezanitsidwa pamatsinde a mitundu ya ku America imene mizu yake imapirira kachilomboka, ndipo ena mwa matsinde amenewa amatulutsa maluwa aamuna okhaokha, motero sangabereke ngakhale atasamalidwa chotani. Labotale inadzatsimikiza pambuyo pake kuti tsinde lathulo ndi Richter 110. Uphungu wa amayiwo unali wakuti tisazule, koma timezanitsepo mtundu umene tikufuna popeza mizu yake yakhazikika kale.

Pa magulu awiri a mphesa zoyera m'pamene maso anafika pamalire. Za Hanepoot alangizi anali ndi chikhulupiriro, koma za gulu la Colombard anakayika, chifukwa mitsempha ya masamba ena inali yofiirira pafupi ndi phesi ndipo kampata kake sikanali kotseguka mmene Colombard amakhalira, pomwe masamba ena, makamaka a mipesa ya pamthunzi wa mitengo ya mapeyala, sankaonetsa bwino chilichonse. Anatiuza mosabisa kuti maonekedwe a tsamba amasintha malinga ndi nthaka, mthunzi, madzi, msinkhu wa mpesa ndi matenda, ndiponso kuti zithunzi zimene amayerekeza nazo zinajambulidwa m'maiko a nyengo yosiyana ndi ya kuno, kumene nkhungu ndi mvula yamawawa zimatha kukhala mpaka mwezi wa Meyi. Anatenga masamba anthete a kunsonga, omwe ndi amene amatulutsa DNA yoyera bwino, mpesa uliwonse m'kathumba kakekake kokhala ndi timibulu toyamwa chinyontho, ndipo nambala imene analemba pakathumba anaimangiriranso pampesa ndi kawaya. Anatenga kuchokera ku mipesa ingapo ya m'gulu limodzi osati umodzi wokha, poopa kuti gululo lingakhale losakanizika. Makalata a boma ololeza kutumiza mbali za zomera kunja anayendetsa okha, ndipo mtengo wake unali m'kati mwa ndalama imene tinagwirizana poyamba.

Zimene labotale imachita n'zosavuta kuzimvetsa munthu akazifotokoza modekha. Mu DNA ya mpesa muli malo ena amene kachidutswa kafupi kamabwerezedwa kambirimbiri, ndipo kuchuluka kwa kubwerezako kumasiyana pakati pa mtundu ndi mtundu. Makina amayeza utali wa malo amenewa, ndipo pamalo aliwonse pamatuluka manambala awiri, imodzi yochokera kwa kholo lililonse. Akatswiri anagwirizana za malo asanu ndi limodzi oyambira, omwe ndi VVS2, VVMD5, VVMD7, VVMD27, VrZAG62 ndi VrZAG79, kenako anawonjezera VVMD25, VVMD28 ndi VVMD32 kuti akwane asanu ndi anayi. Popeza mpesa umafalitsidwa ndi timitengo todula osati njere, manambala amenewa sasintha kuchokera ku mpesa woyamba wa mtunduwo mpaka ku umene uli m'munda mwathu lero, ngakhale padutse zaka mazana. Chotsala n'kuyerekeza manambalawo ndi amene anasungidwa m'kaundula wa mitundu ya mphesa monga VIVC, yemwe amasamalidwa ku Geilweilerhof m'dziko la Germany. Njira yomweyi ndi imene Carole Meredith ndi John Bowers a ku yunivesite ya California ku Davis anaonetsera mu 1997 kuti mpesa wa Cabernet Sauvignon ndi mwana wa Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc.

Zotsatira zitabwera, zinaonetsa kuti kukayika kwa amayi aja kunali ndi maziko. Mipesa yonse imene tinkaitcha Colombard inapezeka kuti ndi Chenin Blanc. Amene anatigulitsa mwina nayenso anapatsidwa dzina lolakwika, ndipo sindikumuimba mlandu wa chinyengo, chifukwa mitundu iwiriyi ndi yapachibale chenicheni: Colombard ndi mwana wa Chenin Blanc ndi Gouais Blanc, ndipo palipoti tinaona ndi maso athu kuti pamalo aliwonse mwa asanu ndi anayi aja nambala imodzi ya mpesa wathu inkafanana ndi imodzi ya Colombard, monga zimakhalira pakati pa kholo ndi mwana. Chenin Blanc ili ndi mbiri yakeyake ya kusochera dzina, popeza ku South Africa inalimidwa kwa zaka mazana pa dzina la Steen mpaka pamene Pulofesa C. J. Orffer wa ku Stellenbosch anatsimikiza mu 1963, poyerekeza masamba, kuti ndi mpesa womwewo wa kuchigwa cha Loire ku France. Pa cholinga chathu nkhaniyi si yoipa, chifukwa Chenin Blanc ndi mphesa ya brandy ndithu, koma maphava ake ndi othinana ndipo amaola msanga kukakhala chinyontho, zomwe zikutanthauza kuti kadulidwe kathu kayenera kusintha kuti zipatso zizipsa mvula isanalimbe.

Hanepoot inatsimikizika kuti ndi Muscat of Alexandria. Uwu ndi mpesa wa mowa wotcheza wa mtundu wina, wonunkhira, umene nthawi zambiri sugonekedwa m'migolo. Ku Bolivia, mowa wotchedwa singani umapangidwa ndi mphesa imeneyi yokha, yolimidwa pamalo okwera mamita 1,600 kapena kuposa. Ku Chile ndi imodzi mwa mphesa zazikulu za mowa wotcheza wotchedwa pisco. Ku Peru malamulo amalola mitundu isanu ndi itatu pakupanga pisco, yomwe ndi Quebranta, Negra Criolla, Mollar, Uvina, Italia, Moscatel, Albilla ndi Torontel, ndipo kumeneko DNA yathandiza kwambiri kumasula chisokonezo cha mayina, mwachitsanzo poonetsa kuti Quebranta inabadwa pakukwatirana kwa Listán Prieto ndi Mollar Cano. Nazonso mphesa za Torrontés Riojano za ku Argentina zinapezeka kuti makolo ake ndi Muscat of Alexandria ndi Listán Prieto. Zimene mlimi wa kuno ayenera kukumbukira n'zakuti madera onsewa ndi ouma, ena mwa iwo ndi chipululu chothiriridwa, pomwe mpesa umenewu sugwirizana ndi chinyontho. M'minda yathu ndi umene umayamba kugwidwa ndi chuku masamba akangonyowa masiku otsatizana, ndipo kudziwa dzina lake kwatithandiza kumvetsa chifukwa chake.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse. Choyamba ndi lipoti la ku labotale, limene linafika lili tebulo la manambala ndi dzina la mpesa kumapeto, m'Chingerezi chovuta, popanda mawu ofotokozera. Zonse zimene ndalemba pamwambapa za tanthauzo la manambala tinazimva titapempha alangizi kuti abwerenso, ndipo ulendo umenewo sunali m'mgwirizano, moti tinalipira mayendedwe padera. Ntchito yogulitsidwa kwa alimi iyenera kuthera pakukhala nawo pansi n'kuwafotokozera m'chinenero chawo, ndipo zimenezi ziyenera kukhala m'kati mwa mtengo. Chachiwiri ndi nthawi. Tinauzidwa kuti zotsatira zibwera mwachangu, koma zinafika nyengo yokonzekera mbewu zatsopano itadutsa, chifukwa masampulo athu anadikira kuti aphatikizidwe ndi a anthu ena kuti mtengo wotumizira utsike. Kuphatikizako n'komveka, koma tikanauzidwa poyamba tikanakonza mapulani athu mwanjira ina. Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, n'chakuti ntchitoyi imalekera pa dzina. Funso limene mlimi aliyense anali nalo titangomva zotsatira linali lakuti tsono tichulukitse uti, ndipo pa funso limeneli mgwirizano sunanene kanthu. Amayiwo anatithandiza ndi uphungu mwaufulu wawo, koma si aliyense amene angakumane ndi mlangizi wa mtima wotere.

Palinso malire a njira ya DNA amene wogula ayenera kuwadziwa asanalipire, ndipo alangizi anatiuza zimenezi pokhapokha titafunsa. Malo asanu ndi anayi aja amasiyanitsa mitundu, koma sasiyanitsa nthambi za mtundu umodzi zimene zinasintha pang'ono m'kupita kwa zaka. Pinot Noir, Pinot Gris ndi Pinot Blanc zimatulutsa manambala ofanana ngakhale kuti imodzi ndi yakuda, ina yotuwira ndipo ina yoyera, choncho pamenepo diso lokha ndi limene lingagamule. Kuyeza kumeneku sikunenanso ngati mpesa uli ndi mavairasi, omwe amayenda ndi timitengo todula ndipo amachepetsa zokolola mwakachetechete. Kumeneko n'kuyeza kwina kwa mtengo wakenso. Ndipo ngati mpesa unamera kuchokera ku njere, manambala ake sadzapezeka m'kaundula aliyense, chifukwa mpesa wa njere ndi mtundu watsopano ngakhale mayi wake atakhala wodziwika. N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi anzanga ena amene ankati tingotumiza masamba tokha osaitana munthu kumunda. Ngakhale ku Chile, amene anazindikira mu 1994 kuti mipesa yambiri yotchedwa Merlot inali Carmenère anali Jean-Michel Boursiquot akuyenda m'munda n'kuyang'ana mphukira ndi maluwa, ndipo DNA inadzangotsimikiza pambuyo.

Amene ali ndi mipesa iwiri kapena itatu pakhomo yodyera ana, gawo la kumunda lokha ndi lokwanira, ndipo mwina anthu oyandikana angasonkherane kuti alangizi ayende makomo angapo tsiku limodzi. Gawo la DNA ndi la kalabu, nazale kapena munthu amene akufuna kuchulukitsa mbewu n'kugulitsa kwa ena, ndipo a nazale ndi amene ndikuwadandaulira kwambiri kuti aligwiritse ntchito, popeza dzina lolakwika likachoka pa iwo limafalikira m'minda yambiri. Pokambirana mtengo, funsani kuti labotale iyeza malo angati ndipo iyerekeza ndi kaundula uti, pemphani kuti tsiku lotumiza masampulo lilembedwe m'mgwirizano, ndipo onetsetsani kuti ulendo wodzafotokoza zotsatira wawerengedwa. Musachotse manambala omangidwa pamipesa mpaka lipoti litafika, chifukwa popanda iwo simungadziwe kuti dzina liti ndi la mzere uti. Kalabu yathu yagwirizana kuti Isabella ikhale ya zipatso zapamsika ndi juwisi, Muscat of Alexandria isachulukitsidwe kupatula pamunda umodzi wa kumtunda kumene mphepo imaumitsa masamba msanga, ndipo Chenin Blanc imezanitsidwe pamatsinde a Richter 110 aja m'nyengo yodulira ikubwerayi.